Kuchulukitsa maluwa a geranium pogwiritsa ntchito nthambi

Achemwali, mwafunsa chifukwa chake nthambi za geranium zimene munabzala mu June zinaola zisanatulutse mizu. Ine ndikuona kuti vuto linali nyengo ndi madzi. Kuno ku Johannesburg tili pamalo okwera mamita oposa 1,700 kuchokera pamwamba pa nyanja, ndipo mu June ndi July usiku kumagwa chisanu, dothi limazizira n'kusunga chinyezi, moti nthambi yanthete imayamba kuda m'munsi. Dikirani September, kapena mudzabzale mu March dzuwa likayamba kuchepa ukali.

Dulani nthambi yathanzi yotalika masentimita 10 pansi penipeni pa mfundo, muchotse masamba am'munsi ndi maluwa onse ngakhale akukomereni m'maso, kenaka muigoneke pamthunzi kwa maola angapo kuti bala liume. Izikeni mu mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi manyowa pang'ono, m'chitini choboola pansi, ndipo chonde musaphimbe ndi pulasitiki, chifukwa duwa limeneli silifuna chinyezi chambiri. Thirirani pokhapokha mukapisa chala n'kumva kuti mchenga wauma. Pakatha masabata atatu kapena anayi, ikokeni pang'onopang'ono. Ikakana kuzuka, ndiye kuti mizu yagwira.