Ndikatani kuchipatala ndilibe pathupi?

Mayi wina wa ku Bangula wanditumizira imelo. Mwana wake wachiwiri watsala pang'ono kukwanitsa zaka zitatu, iye wakhala akubayitsa jakisoni wolera, ndipo tsopano agwirizana ndi bambo akunyumba kuti abereke wina. Anamva pawailesi kuti mayi azikaonana ndi achipatala asanaime, koma apongozi ake atamva anaseka, amvekere sikelo ndi ya oyembekezera. Ndiye akufunsa ngati zimenezi si za anthu am'tauni, komanso kuti akakafika akanene kuti wabwera kudzatani.

Achemwali, pitani ndithu. Apongozi anu asekadi chifukwa sanazionepo, ndipo sindikuwadabwa. M'zipatala zathu muli tsiku la sikelo ya ana, la amayi oyembekezera, la kulera, koma khomo la mayi amene akungokonzekera kutenga pathupi simulipeza. Chithandizocho chilipo, kungoti chinamwazikana, ndiye mumayenera kuchitchula nokha chimodzichimodzi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linaitanitsa msonkhano wa nkhani imeneyi mu 2012, koma mpaka lero m'maiko osauka ambiri mayi amayamba kuwerengedwa mimba ikaoneka.

Chachikulu pa zonse ndi vitamini wotchedwa folic acid. Ubongo ndi msana wa mwana zimayamba ngati kamzere kotseguka, ndipo kamatsekeka pasanathe masiku 28 chitengereni pathupi. Nthawi imeneyo inu mwangodumphitsa kumwezi kamodzi, mukukayikabe. Thupi likakhala lopanda folic acid wokwanira, kamzereko kakhoza kusatsekeka bwino, mwana n'kubadwa ndi chotupa kumsana, miyendo yosagwira, nthawi zambiri ndi madzi m'mutu. Tsono taonani m'mene timachitira kwathu kuno. Mimba timabisa mpaka italimba, kuopa kuti wina angaimange, ndipo kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti amayi 24 okha pa 100 alionse ndi amene anayamba sikelo m'miyezi itatu yoyambirira. Pamene namwino akukupatsani mapiritsi oonjezera magazi aja, omwe amakhala ndi folic acid, mimba ili ndi miyezi isanu, magazi akuthandizani ndithu, koma za msana zija zinatha kalekale. Mlingo wa folic acid ndi mamaikulogalamu 400 tsiku lililonse, kuyambira mwezi umodzi kapena kuposerapo musanaime. Amene anaberekapo mwana wa vuto la msana, odwala shuga ndi amene amamwa mankhwala a khunyu amafunika mlingo wokulirapo, wolembedwa ndi dokotala. A khunyuwo asasiye mankhwala paokha, akafotokoze kuti akufuna mwana ndipo dokotala aone ngati n'koyenera kuwasinthira.

Ena ati nanga ufa wamupaketi si uja amathiramo mavitamini? Amathiramo, koma ndani ku Tengani kapena ku Makhanga amagula ufa m'sitolo? Ife timanyamula chimanga ndi mapira kupita kuchigayo. Khobwe, nandolo, nyemba, bonongwe, nkhwani ndi sangowa wa pampanda uja zimathandiza, makamaka masambawo mukapanda kuwaphika mpaka kufiira, koma sizilowa m'malo mwa piritsi.

Jakisoni wanuyo akupatsani mpata wabwino. Mukasiya kubayitsa, pamatha kupita miyezi ingapo, ena mpaka chaka, musanaime. Musathamangire kwa asing'anga kuti mwamangidwa, ndi m'mene amachitira mankhwalawo. Miyezi imeneyo ndiyo yokonzera thupi. Ndipo poyambira pabwino ndi pomwepo pa kulera: tsiku lanu lobayitsa likakwana, pitani ndi buku lanu la kuchipatala, muwauze anamwino kuti mukusiya chifukwa mukufuna mwana, ndiye mupemphe akuyezeni kuchuluka kwa magazi, BP, HIV ndi chindoko, shuga ngati chipangizo chilipo, aonenso m'bukumo ngati katemera wa kafumbata munamaliza.

Za magazi musazipeputse. Kafukufuku yemwe uja anapeza kuti mayi mmodzi pa atatu alionse m'Malawi ali ndi magazi ochepa, ndipo kuchigwa kuno zotimwa magazi n'zambiri: malungo, njoka za m'mimba, likodzo. Likodzoli timaliona ngati matenda a anyamata osambira m'madambo, koma mayi wochapa m'Shire, wolima kudimba kapena wokumba nyika m'madzi a Elephant Marsh nayenso limamugwira, ndipo limatha kufika m'njira ya chiberekero. Ngati mumaona magazi mumkodzo, kapena mumamva kuwawa pokhala malo amodzi ndi bambo, nenani, mankhwala ake ndi praziquantel. Za malungo dziwani ichi: Fansidar wa kusikelo samuyamba miyezi itatu yoyamba isanathe. M'masabata oyambirirawo chokutetezani ndi neti basi, ngakhale usiku wa Okutobala umene mphasa imachita kuotcha.

Bambo asatsale kunyumba. Chindoko chimapha mwana m'mimba, ndipo mukachira nokha bambo osabayitsa, mudzachitenganso. HIV nayo muyezetse nonse. Kuyambira 2011 Malawi amapereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi woyembekezera aliyense wopezeka ndi kachilombo, koma ndi bwino kwambiri kutenga pathupi kachilomboko katagonja kale m'magazi kusiyana n'kudzidzimuka nako kusikelo. Kachasu ndi fodya, nonse awiri muchepetse, inu mayi musiyiretu.

Pa kutalikitsa ana inu muli bwino, popeza WHO imalangiza kudikira miyezi 24 mutabereka, ndi miyezi 6 ngati mwapita padera. Amene ndimawadera nkhawa ndi atsikana okwatiwa asanafike zaka 18, zomwe malamulo athu amaletsa, ndi amayi amene akuchimuna amawawerengera miyezi chifukwa ng'ombe zinaperekedwa.

Mukakapeza mapiritsi a folic acid atha, kapena akakuuzani kuti ndi a oyembekezera okha, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu, apo ayi mukagule ku famase ku Nchalo kapena ku Ngabu. Ndipo zonsezi muchite mvula isanayambe. Tonse tikukumbukira m'mene namondwe wa Freddy anadulira misewu mu Malichi 2023, anthu a kutsidya kwa Shire n'kukhala masabata osafika kuchipatala. Mutenge mapiritsi okwana miyezi ingapo, muwasunge m'kabotolo kotseka bwino pamodzi ndi buku lanu, m'jumbo.