Kodi helikoputa yonyamula ufa ndi yomweyo yomenya nkhondo?

Bambo wina wa ku Lizulu wanditumizira imelo yokhala ndi funso limene akuti lakhala likuutsa mtsutso pakhomo pawo kuyambira nthawi ya namondwe wa Freddy mu Marichi 2023. Iwo anaona pa wailesi ya kanema mahelikoputa a asilikali akutula matumba a ufa kwa anthu amene misewu yawo inaduka ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo mwana wawo akuumirira kuti ndege zoterozo ndi zomwenso zimamenya nkhondo, pamene iwo akukayika. Akufunsa kuti makina amodzi angagwire bwanji ntchito ziwiri zosiyana chonchi, nanga anawapanga motani.

Bambo, mwana wanuyo sanaphonye kwambiri. Mahelikoputa ambiri a asilikali amapangidwa ngati lole ya mumlengalenga: mkati mwake ndi mopanda kanthu, pansi pali ngowe zomangirirapo katundu, ndipo zimene zimasintha ndi zimene aikamo tsiku limenelo. Chitsanzo chodziwika kwambiri kuno ku Africa ndi Mi-17 ya ku Russia, imene inachokera ku Mi-8 yomwe inayamba kuuluka mu 1961. M'mawa angakhazikemo mipando yopinda n'kunyamula asilikali oposa 20, masana n'kuchotsa mipandoyo n'kuikamo machira 12 a anthu ovulala, mawa lake n'kutsegula zitseko zakumbuyo n'kulowetsamo katundu wolemera matani anayi, amene ndi matumba 80 a makilogalamu 50. Ikafunika kunkhondo, m'mbali mwake amamangamo zitsulo zopachikapo maroketi, ndipo pazitseko amaikapo mfuti zachiwaya. Thupi, injini ndi mapiko zimakhala zomwezo.

Chimene chimainyamula ndi mapiko aakulu apamwamba aja, amene pa Mi-17 alipo asanu ndipo akamazungulira amajambula bwalo lotambasuka mamita 21. Anthu ambiri amaganiza kuti woyendetsa akafuna kukwera amathamangitsa mapikowo, koma sizili choncho, chifukwa liwiro lawo silisinthasintha ndege ikakhala m'mwamba. Iye amakoka chogwirira cha kudzanja lamanzere, ndipo mapiko onse amapendekeka pamodzi n'kuyamba kukankha mpweya wambiri pansi. Ndodo ya kudzanja lamanja imapendeketsa phiko lililonse mosiyana malinga ndi pamene lafika pozungulira, ndipo ndegeyo imalowera kumene bwalo la mapikowo laweramira. Timapiko ta kumchira timene ana amati n'tokongoletsa ndi timene timaletsa thupi lonse kuzungulira ngati nguli, ndipo woyendetsa amatilamulira ndi mapazi. Kumchirako ndiye kofooka. Pa 3 Okutobala 1993 ku Mogadishu, mahelikoputa awiri a Black Hawk a asilikali a America anagwetsedwa ndi mfuti za RPG, zida zimene munthu mmodzi amanyamula paphewa.

Injini zimakhala ziwiri, zolumikizidwa ku giyabokosi imodzi, kuti ina ikafa inzakeyo ifikitse ndege pamalo otera. Zonse ziwiri zikazima, mapiko amadzimasula ku injini ndipo mphepo yochokera pansi pamene ndegeyo ikutsika ndi imene imawazunguliritsa, moti woyendetsa waluso amatha kutera anthu n'kutuluka amoyo. Black Hawk, imene kampani ya Sikorsky inaiulutsa koyamba mu 1974 ndipo asilikali anayamba kuigwiritsa ntchito mu 1979, inapangidwa poganizira zimene zinachitika pankhondo ya ku Vietnam: matanki ake a mafuta amadzitseka okha chipolopolo chikaboola, mipando yake imafwamphuka pang'onopang'ono ndege ikagwa kuti msana wa munthu usathyoke, ndipo imanyamula asilikali 11 ndi zida zawo.

Koma pamene ndikufuna kuti mumvetsetse kwambiri ndi pa nkhani ya kulemera, chifukwa apa ndi pamene mawu akuti helikoputa imagwira "ntchito zambiri" amasocheretsa anthu. Mi-17 siloledwa kunyamuka ikaposa matani 13, kuwerengera thupi lake, mafuta, anthu ndi katundu. Chilichonse chimene mwaonjezera chimalanda malo a chinzake. Mukamata zitsulo zoteteza oyendetsa ku zipolopolo, mwachotsa matumba angapo a ufa. Mukathira mafuta okwanira ulendo wautali, mwachotsanso ena. Mukapachika maroketi, zoponyera timiuni totentha tosokoneza mizinga imene imalondola kutentha kwa injini, ndiponso makina okokera munthu ndi chingwe kuchokera m'madzi, asilikali ena atsala pansi. Imagwiradi ntchito zonse, koma osati paulendo umodzi.

Ife a kuno kumapiri tili ndi chifukwa chathu chomvetsera zimenezi. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo nsonga ya phiri la Dedza imafika mamita 2,198. Pamtunda wa bomali mpweya ndi wopepuka ndi magawo pafupifupi 15 pa 100 alionse poyerekeza ndi wa kugombe la nyanja yamchere, ndipo dzuwa la Okutobala likaomba umapepukiratu. Mapiko amapeza mpweya wochepa woti akankhe, injini nazonso zimapuma mobanika. Aliyense amene anakwerapo lole yodzaza kuchokera ku Golomoti kudzera m'makhotamakhota a Khwekhwerere akudziwa mmene galimoto imene imathamanga kuchigwa imayambira kulira ikafika pachitunda. Helikoputa imene yanyamuka bwinobwino m'mawa ku Mtakataka ndi katundu wodzaza ingalephere kuima m'malere pamwamba pa bwalo la mpira ku Bembeke masana a tsiku lomwelo, ndipo n'chifukwa chake woyendetsa amayamba wafunsa za kutalika kwa malo ndi kutentha kwa tsikulo asanavomere thumba lomaliza. Si nkhanza kapena ulesi akamabweza katundu wina, ngakhale kuti kwa munthu wanjala amene akuona malo otsala m'ndegemo zimaoneka choncho.

Ine ndinaonapo helikoputa yaikulu ikutera pabwalo lafumbi m'chilimwe, ndipo chimene ndimakumbukira si phokoso ayi koma mphepo. Amayi anagwira zitenje ndi manja onse awiri, mabeseni a kachewere anagudubuzika, lata limodzi la pakhumbi la ogulitsa linauluka ngati pepala, ndipo ndegeyo inabisika m'fumbi lake lomwe isanagunde pansi. Fumbi limenelo limadya injini ndiponso limachititsa khungu woyendetsa pa nthawi imene akufunikira kuona pansi, n'chifukwa chake pakamwa pa injini za Mi-17 pali zotchingira zozungulira ngati mbale zovundikira, zimene zimasefa mchenga.

Tsopano tibwerere ku mtsutso wanu ndi mwana wanu, chifukwa palinso pamene inu mwalondola. Pali mahelikoputa ena amene anapangidwira kumenya nkhondo kokha, monga Apache ya ku America ndi Rooivalk ya ku South Africa. Amenewa ndi opyapyala, oyendetsa awiri amakhala wina kutsogolo wina kumbuyo, pansi pa mphuno pali mzinga, ndipo mulibe malo oikamo ngakhale thumba limodzi la ufa. Mu 2013, pamene asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa anapanga gulu lapadera la United Nations kum'mawa kwa Congo, Rooivalk ndi imene inaphulitsa malo a zigawenga za M23, pamene Oryx, yochokeranso ku South Africa, inkagwira ntchito yonyamula asilikali ndi ovulala. Oryx yomweyo ndi imene inkatola anthu m'mitengo ndi pamadenga pa kusefukira kwa madzi kwa ku Mozambique mu 2000.

Dziko losauka likamasankha, ine ndimaona kuti limachita bwino kugula ya mtundu wa loleyo, popeza madzi osefukira amabwera kawirikawiri kuposa nkhondo, ndipo amakaniko, zipangizo zosinthira ndi maphunziro a oyendetsa zimakhala za mtundu umodzi. Muwauze a pakhomo panu kuti zimene munaona zikutula ufa zija zikhoza kunyamula mfuti zikafunika, koma Rooivalk singatule ufa ku Phalombe.