Makina otipulira ofufutika dzina: mmene mungadziwire amene anawapanga musanagule masipeya

Mmodzi wa owerenga wandilembera pa imelo kuti anagula makina otipulira m'dimba, aja ambiri amawatchula kuti tiller, kwa munthu amene anali atawagwiritsa ntchito zaka zambiri. Makinawo ndi ofiira, mano ake ali kutsogolo pansi pa injini, sitika ya pa zogwirira inafufutika, ndipo mawu okha amene akuwerengeka ndi akuti "Briggs & Stratton 5 HP" pa injini. Lamba waduka, mano atha, komanso oyilo akudontha pamene shafiti ya mano imatulukira. Funso lawo ndi ili: "Ndikauza ogulitsa masipeya kuti ndi makina a Briggs & Stratton, onse akundifunsa model. Kodi ndingadziwe bwanji mtundu wa makinawa ndi kampani imene inawapanga?"

Zikomo kwambiri chifukwa cholemba, ndiponso chifukwa simunathamangire kugula lamba mongoyerekeza. Choyamba chimene muyenera kudziwa n'chakuti makina anuwo ali ndi opanga awiri. Dzina limene mukuliona ndi la kampani imene inapanga injini yokha. Briggs & Stratton imadziwika kwambiri ndi injini, ndipo kwa zaka zambiri yakhala ikugulitsa injinizo kwa makampani ochuluka amene amapanga thupi la makina, giyabokosi, zogwirira ndi mano, kenako n'kuikapo injini yogula. N'chimodzimodzi ndi injini za Honda, Kohler ndi Tecumseh zimene mungazipeze pa makina a makampani ena. Zinthu zitatu zimene zawonongeka kwa inu, lamba, mano ndi oil seal (kamphete ka labala kotchinga oyilo kuti asadonthe pa shafiti), zonse ndi za thupi la makina osati za injini, ndipo n'chifukwa chake ogulitsa aja sakutha kukuthandizani ndi dzina limene mwawapatsa.

Musanagwire chilichonse, chotsani waya wa pa pulagi n'kuuika patali ndi pulagiyo, chifukwa mukhala mukulowetsa manja pafupi ndi mano. Mukatero tsukani makinawo. Anthu ambiri amene amati makina awo alibe nambala amakhala kuti sanachotse dothi losakanikirana ndi oyilo limene limauma pa chitsulo. Kachitsulo kapena sitika ya nambala imakonda kukhala pa chitsulo chophimba mano, pa thupi la makina pafupi ndi pamene injini yakhala, pamene zogwirira zimalumikizana ndi thupi, kapena m'mbali mwa giyabokosi. Sitika muitsuke ndi madzi a sopo ndi kansalu basi, popeza burashi ya waya kapena petulo zingathe kufafaniza zilembo zimene zinatsala. Nambala yodindidwa m'chitsulo ndiye mungaipale pang'onopang'ono ndi burashi ya waya, kenako muipake choko n'kupukuta pamwamba kuti chokocho chitsale m'mizere. Kuunika ndi tochi kuchokera m'mbali kumaonetsa zilembo zimene sizioneka kuwala kukamachokera kutsogolo. Jambulani ndi foni n'kukulitsa chithunzicho, ndipo samalani ndi zilembo zofanana monga 0 ndi O, 1 ndi I, 5 ndi S, komanso 8 ndi B, chifukwa kuphonya chimodzi chokha kukhoza kukufikitsani pa makina ena.

Mukapeza kachitsuloko mudzaona nambala ziwiri. Model imanena mtundu wa makina, pamene serial number ndi ya makina anu okhawo. Lembani zonse ziwiri mosasiya chilembo kapena kadontho. Opanga amasintha kachipangizo kena mkati mwa zaka zimene akupanga mtundu womwewo, ndipo mabuku awo a masipeya amasonyeza kuti kuyambira serial number yakutiyakuti chipangizo chake ndi china. Wogulitsa amene wakufunsani nambala zonse ziwiri akudziwa ntchito yake.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza, ndipo ndikufuna kuchifotokoza bwino. Dzina lolembedwa pa makina nthawi zambiri limakhala la sitolo imene inawagulitsa, osati la fakitale. Chitsanzo chodziwika ndi Craftsman, dzina limene sitolo za Sears ku America zinkagulitsira zipangizo zopangidwa ndi makampani ena. Nambala ya model ya makina a Craftsman amene Sears inkagulitsa imayamba ndi manambala atatu otsatiridwa ndi kadontho, ndipo manambala atatuwo ndi amene amaulula wopanga: 917 ndi Roper, imene inadzakhala American Yard Products pansi pa Husqvarna, 247 ndi MTD, ndipo 143 imapezeka pa injini zopangidwa ndi Tecumseh. Kampani ya MTD nayo yakhala ikupanga makina pansi pa mayina ambiri, monga Yard Machines, Yard-Man ndi Bolens, ndipo nambala za model za makina ake otipulira zimayamba ndi 21. Dzina la Troy-Bilt linali la kampani ya Garden Way ya mumzinda wa Troy ku New York mpaka chaka cha 2001, pamene kampaniyo inagwa ndipo MTD inagula dzinalo. Choncho makina awiri olembedwa Troy-Bilt akhoza kukhala ochokera m'mafakitale osiyana, ndipo chaka chimene anapangidwa n'chimene chimalozera buku loyenera la masipeya. Pa makina akale a Troy-Bilt Horse, serial number inkadindidwa pa giyabokosi penipeni, ndipo n'chifukwa chake imapezekabe ngakhale masitika onse atachoka.

Tsopano tibwerere ku injini yanu, chifukwa ngakhale kuti siikuuzani wopanga thupi, ikhoza kukuuzani msinkhu wa makinawo. Pa injini zakale za Briggs & Stratton, yang'anani pa chitsulo chophimba flywheel, chija pamamangidwa chingwe cholizira, makamaka pamwamba kapena m'mbali pafupi ndi pulagi. Mupezapo magulu atatu a manambala odindidwa, olembedwa Model, Type ndi Code. Pa injini zatsopano zokhala ndi mavavu pamwamba, manambalawa amakonda kukhala pa chivundikiro cha mavavuwo. Manambala oyamba a Model amanena kukula kwa injini mu cubic inch: injini yodziwika ya 130202, imene inaikidwa pa makina otipulira ambiri a 5 HP, ndi ya 13 cubic inch, ndipo 2 womalizayo akusonyeza kuti imalizidwa ndi chingwe. Code ndiye tsiku limene injiniyo inapangidwa. Manambala awiri oyamba ndi chaka, awiri otsatira ndi mwezi, ndipo awiri enawo ndi tsiku, moti Code yoyamba ndi 890315 ndi ya pa 15 Malichi 1989. Thupi la makina kawirikawiri limakhala la chaka chomwecho kapena chotsatira, ndipo zimenezi zimachepetsa kwambiri mabuku amene muyenera kufufuzamo.

Komabe musadalire tsikuli musanatsimikize kuti injiniyo ndi imene makinawo anabwera nayo. Makina otipulira amatha kukhala nthawi yaitali kuposa injini yake, ndipo eni ake ambiri amasintha injini. Mukaona mabowo owonjezera obooledwa pamene injini yakhala, zitsulo zoikidwa pansi pa injini kuti ikwere, kapena penti ya injini yooneka yatsopano kusiyana ndi ya thupi, dziwani kuti tsiku la pa injini silikukhudza thupilo. Zimenezi zimakhudzanso lamba, popeza injini ikasinthidwa mtunda wa pakati pa mapule (timawilo timene lamba amazungulirapo) ukhoza kusintha, ndipo lamba wolembedwa m'buku sangakwanenso.

Owerenga ena amene makina awo ali ndi injini yopanda dzina lodziwika ayang'ane m'mbali mwa injini, chapansi, pamene pamadindidwa zilembo monga 168F kapena 170F. Izi ndi injini za ku China zotengera kapangidwe ka Honda GX160 ndi GX200, ndipo 68 kapena 70 ndi kukula kwa silinda m'mamilimita. Za dizilo zimalembedwa 178F kapena 186F. Mukatchula nambalayi mupeza kabuleta, koyilo ndi chingwe cholizira mosavuta kusiyana ndi kutchula dzina la pa sitika.

Nanga ngati kachitsulo ka nambala kanachokeratu? Apa ndikupemphani kuti musakhulupirire mtundu wa penti. Makina ofiira ndi ambiri zedi, ochokera kwa opanga osiyanasiyana, ndipo makina akale amapentedwanso. Chodalirika ndi chimene chinaumbidwa kapena kudindidwa m'chitsulo. Onani m'mbali mwa giyabokosi, mkati mwa chophimba lamba, pa mapule, pa matayala ndi pa mano enieniwo, chifukwa zigawo zimenezi nthawi zambiri zimakhala ndi nambala yakeyake ya sipeya. Mukailemba pa intaneti pamodzi ndi mawu akuti tiller, mukhoza kufika pa chithunzi cha masipeya cha makina anuwo. Mitu ya mabawuti nayonso imalankhula: yolembedwa 8.8 ndi ya muyeso wa mamilimita, umene umagwiritsidwa ntchito ku Europe ndi ku Asia, pamene yokhala ndi timizere titatu ndi ya mainchesi, zimene zimalozera ku America. Mukatero jambulani makinawo mbali zonse, makamaka giyabokosi, kapindikidwe ka zogwirira ndi mmene lamba amakokedwera, ndipo muyerekeze ndi zithunzi za m'mabuku a masipeya a chaka chimene mwapeza pa injini. Yerekezani zigawo za chitsulo cholemera, chifukwa ndi zimene eni makina sasinthasintha.

Maganizo anga ndi akuti ngakhale dzina la wopanga litakanika kupezeka, ziwiri mwa zinthu zitatu zimene mukufuna mukhoza kuzigula poyeza basi. Opanga makinawa sapanga okha malamba, maberingi, ma oil seal kapena matcheni. Amagula zopangidwa pa miyeso yodziwika padziko lonse. Lamba wolembedwa 4L ndi wa theka la inchesi m'lifupi, ndipo nambala yotsatira, mukaigawa ndi 10, imanena kutalika kwake kozungulira kunja, moti 4L300 ndi wa mainchesi 30. Ngati zilembo za pa lamba wakale zinafufutika, mulumikize podukapo n'kumuyeza, pokumbukira kuti lamba wakale amakhala atatanuka pang'ono. Pemphani lamba wokutidwa ndi nsalu, wopangidwira makina a m'dimba, osati wa galimoto. Pa makina ambiri a mano akutsogolo lamba ndi amene amagwira ntchito ya kilatchi, ndipo ayenera kutsetsereka pa pule mukasiya chogwirira. Lamba wa labala yekhayekha amagwira pule nthawi zonse, ndipo mano akhoza kumazungulirabe pamene inu mukufuna kuti aime, zimene n'zoopsa.

Oil seal imagulidwa ndi miyeso itatu: kukula kwa shafiti, kukula kwa bowo limene imalowamo, ndi kuchindikala kwake, ndipo kawirikawiri miyesoyi kapena nambala yake zimalembedwa pankhope pake. Musanaike yatsopano, chotsani udzu, mizu ndi mawaya zimene zinakulungika pa shafiti, popeza n'zimene zimadya seal, ndipo mupapase shafitiyo ngati yakumbika pamene seal imakhudza. Beringi nayo ili ndi nambala yake m'mbali. Mwachitsanzo 6203 ili ndi bowo la mamilimita 17, 6204 la mamilimita 20, ndipo 6205 la mamilimita 25. Gwiritsani ntchito vernier, kachida kopana chinthu kamene kamayeza molondola kwambiri, poyeza, osati tepi, chifukwa shafiti ya 3/4 inchesi ndi ya mamilimita 19.05, ndipo ndi maso simungaisiyanitse ndi ya mamilimita 20.

Mano ndi amene amavuta, chifukwa kapindikidwe kake ndi mabowo ake zimasiyana malinga ndi wopanga. Chotsani limodzi lakumanja ndi limodzi lakumanzere, popeza ndi osiyana, ndipo muyeze mtunda wa pakati pa mabowo a mabawuti, kukula kwa mabowowo, ndi kukula kwa shafiti. Jambulani mmene amangidwira musanamasule, chifukwa mano obwezeredwa mozondoka sadula nthaka. Ngati atha kwambiri, sinthani onse pamodzi kuti makina asamakokere mbali imodzi.

Pali chimodzi chimene ndikufuna muone musanawononge ndalama pa zonsezi. Popeza oyilo wakhala akudontha, n'kutheka kuti giyabokosi inagwira ntchito ili youma. Gwirani shafiti ya mano n'kuigwedeza m'mwamba ndi pansi, kenako muizunguze uku ndi uku kuti mumve ngati ikusewera kwambiri. Tsanulirani oyilo wotsalayo m'chotengera choyera n'kuona ngati muli tizidutswa ta chitsulo, makamaka tachikasu, timene timachokera ku giya ya mkuwa imene giyabokosi zina zimakhala nayo. Magiya a mkati simungawagule poyeza, ndipo ngati atha, mudzafunikadi nambala ya model kapena makina ena ofanana nawo ochotsapo masipeya. Mukapeza manambala aja, nditumizireni pamodzi ndi zithunzi za giyabokosi mbali zonse ziwiri, ndipo tidzafufuzira limodzi.