Musathamangire kuchotsa pampu, yambani mwaona njira ya dizilo

Achimwene a ku Santhe, mwati thirakitala yanu ya Massey Ferguson 135 ikumakweza moto yokha kenako n'kutsika ngati izima, inu osakhudza kalikonse. Ndaona ena akuti mumasule pampu yopopera dizilo mu injini mupite nayo ku Lilongwe. Chonde dikirani kaye, ndalama imeneyo mwina siyofunika kutuluka, makamaka pano pamene mvula yayandikira.

Injini ya Perkins ya masilinda atatu imene ili mu 135 ndi yopirira, koma pampu yake ya CAV imadana ndi mpweya, madzi ndi zinyalala. Mkati mwa pampuyo muli gavana, kachipangizo kamene kamawonjezera kapena kuchepetsa dizilo kuti liwiro la injini lisamasinthesinthe. Dizilo akamabwera modukizadukiza, injini imafooka, gavana n'kutsegula kwambiri. Dizilo akafika, injini imalumpha, gavana n'kubweza. Kukwera ndi kutsika mukumvako n'kumeneko.

Yambani ndi chosalira ndalama. Lizani injini, masulani chitsekero cha thanki. Ikakhazikika, ndiye kuti kabowo kopumira pa chitsekeropo katsekeka ndi fumbi. Kenako yang'anani kagalasi ka pansi pa fyuluta, ngati yanu idakali nako. Madzi amakhala pansi, dizilo pamwamba, mzere wake umaoneka bwinobwino. Ife ogula dizilo wa m'zigubu mafuta akasowa, vuto lathu limakhala pamenepa, ndipo zimandiwawa kuona pampu zabwino zikutha ndi dzimbiri chifukwa cha madzi. Sinthani mafyuluta, ndipo onetsetsani kuti timalabala take takhala bwino, chifukwa kakangopindika kamodzi mpweya umalowa ngakhale dizilo asakudontha. Musaiwale kasefa ka pa mpopi wa pansi pa thanki.

Mukatero tulutsani mpweya. Masulani kabawuti ka pamwamba pa fyuluta, popani ndi kachitsulo ka pa lift pump, kapampu kakang'ono kokoka dizilo kuchokera ku thanki, mpaka dizilo atuluke wopanda thovu, mangani. Chitani chimodzimodzi pa timabawuti tiwiri ta pa pampu ya CAV ija, kuyambira kammunsi. Kachitsuloko kakamangoyenda wopanda mphamvu, zungulitsani injini pang'ono muyesenso. Thovu likamabwerabe, lumikizani kapaipi koonekera mkati pakati pa fyuluta ndi pampu, muone ndi maso anu. Kawirikawiri ndi paipi yong'aluka kapena lift pump yotopa.

Gwedezaninso ndodo yochokera pa chowonjezera moto kukafika pa pampu. Ikakhala yakhwekhwe kapena sipuling'i yatha, injini imasewera.

Zonsezi zikakhala bwino, apo ndiye pampu ipite kwa odziwa amene ali ndi makina oyezera. Kabawuti komangidwa ndi waya pa pampupo musalole makaniko wa pansi pa mtengo akakhudze, injini ikhoza kuthamanga mopyola muyezo n'kuphwanyika. Ndipo injini ikulira musafufuze podontha pa mapaipi a ma injector, tizitsulo topopera dizilo m'masilinda, ndi chala, dizilo wake amaboola khungu.

Tiuzeni ngati imachita zimenezi ikangolira m'mawa kapena ikatentha ili ndi pulawo, komanso utsi wake ndi woyera kapena wakuda.