Kodi utawaleza ndi wa mbalame zomwe?

FUNSO: Abusa, ndimaphunzitsa ana ku Sande sukulu. Tikuwerenga za Nowa, mwana wina anandifunsa ngati lonjezo la utawaleza ndi la anthu okha kapena ndi la mbalame zomwe. Ndinamuuza kuti adikire Lamulungu likubwerali. Amuna anga akuti ndisavutike nazo, pangano la Nowa linatha Yesu atabwera, ndipo dzikoli lidzapsa basi. Ndikamuuze chiyani mwanayu? Ndine mayi wophunzitsa ana.

YANKHO: Mayi, kamuuzeni kuti ndi la mbalame zomwe, ndipo musakayike. Mukatsegule naye Genesis 9:8-17. Mulungu akulankhula ndi Nowa ndi ana ake, inde, koma pa vesi 10 akutchula ena olowa m'panganolo: mbalame, zoweta, nyama zakutchire, chilichonse chimene chinatuluka m'chingalawa. Zamoyo zonse akuzitchula mobwerezabwereza, ndipo pa vesi 13 akuti panganolo lili pakati pa Iye ndi dziko lapansi.

Chimene chimandikhudza ine m'ndimeyi ndi chakuti palibe amene akufunsidwa kulonjeza kanthu. Abrahamu anapatsidwa mdulidwe kuti ausunge. Aisraeli pa Sinai anavomera ndi pakamwa pawo kuti adzamvera (Eksodo 24:7). Nanga njiwa ingalumbire chiyani? Apa wodzimanga ndi Mulungu yekha, ndipo utawaleza akuti adzauyang'ana Iye mwini kuti akumbukire. Malamulo alipo pa Genesis 9:3-6, onena za magazi a nyama ndi a munthu, koma lonjezo silinapachikidwe pa kumvera kwathu. Pa 8:21 Mulungu akulonjeza akudziwa bwino lomwe kuti mtima wa munthu ndi woipa kuyambira ubwana. Chigumula sichinatisinthe, komabe analonjeza.

Tsono za bambo akunyumbako. Muwaonetse mwaulemu Genesis 9:16, pamene panganoli likutchedwa losatha. Mneneri pa Yesaya 54:9-10 akuligwiritsa ntchito ngati chikole chakuti chifundo cha Mulungu sichidzachoka kwa anthu ake. Pangano latsopano m'mwazi wa Yesu (Luka 22:20) silinataye chilengedwe kunja. Paulo akuti mwa mwazi wa pamtanda Mulungu akuyanjanitsa zinthu zonse, zapadziko ndi zakumwamba (Akolose 1:20), ndipo pa Aroma 8:19-22 akuti chilengedwe chikubuula ngati mayi pobereka, kudikira kumasulidwa pamodzi ndi ana a Mulungu.

Za motozo bambo sananame, zili pa 2 Petro 3:10. Akhristu amasiyana pozimva: ena amati ndi moto wothetseratu, ena amati ndi woyenga. Ine ndili ndi achiwiriwa, chifukwa vesi 13 likutiuza kuti tikudikira kumwamba kwatsopano ndi dziko latsopano. Koma ngakhale oyambawo atakhala olondola, mawu akuti "lidzapsa basi" amandiwawa ndikawamva pakamwa pa Mkhristu, chifukwa nthawi zambiri amanenedwa pofuna kudzikhululukira munthu akamazunza chiweto kapena kuipitsa mtsinje. Mulungu yemweyo analamula kuti ng'ombe ndi bulu azipuma pa Sabata (Eksodo 23:12), nthaka izigona chaka chachisanu ndi chiwiri chilichonse (Levitiko 25), ndipo wopeza chisa asatenge make pamodzi ndi anapiye (Deuteronomo 22:6-7). Mipingo yambiri yazikumbukira zimenezi. Mu 1989 Dimitrios, mtsogoleri wa Orthodox ku Constantinople, anapatula 1 September kukhala tsiku lopempherera chilengedwe, ndipo Papa Francis analikhazikitsanso kwa Akatolika mu 2015.

Konzekani, mwana wofunsa chonchi adzafunsanso chifukwa chake madzi osefukira amaphabe anthu ndi ziweto. Musamunamize. Mulungu sanalonjeze kuti mitsinje sidzasefukiranso. Analonjeza kuti madzi sadzafafanizanso zamoyo zonse, ndi kuti kubzala ndi kukolola, usana ndi usiku sizidzaleka dziko likalipo (Genesis 8:22). Ngati m'kalasimo muli mwana amene anaferedwa pa madzi, yambani mwamumvera iyeyo musanatsegule vesi lililonse.