Ampulifaya ikulira kuti shiii, vuto ndi ine kapena ndi magetsi?

FUNSO: Akonzi, ine ndimakonza mawailesi ndi ma ampulifaya a ma DJ pa Chitakale kuno ku Mulanje. Ampulifaya iliyonse ukaikweza mpaka kumapeto imalira kuti shiii ngakhale usanalumikize kalikonse, nde kasitomala amangoti sunaikonze bwino. Mphwanga amene ali ku MUST anandiseka, ati phokoso limenelo silitha, ati ngakhale asayansi opanga timakina todutsitsa elekitoloni imodzi imodzi akulira nalo lomwelo. Ndi zoona kapena ndi nzeru za mkalasi chabe? Wokonza mawailesi, Chitakale.

YANKHO: Achimwene, mphwanuyo sanakunamizeni, koma tisiyanitse kaye. Kung'ung'udza kokhuthala kuja kwa mmmm ndi 50 Hz ya magetsi apakhoma ikulowera pa capacitor yotopa kapena earth yosagwira, imeneyo ndiye yanu, ikonzeni musanamizire sayansi. Shiii wosalalayo ndi nkhani ina. Mu 1928 ku Bell Labs ku America, John Johnson anayeza ndipo Harry Nyquist anafotokoza kuti resistor iliyonse, bola ili ndi kutentha, ma elekitoloni ake (tizinthu tating'onoting'ono tonyamula magetsi) amangoyendayenda mwachisawawa nkupanga kamagetsi kawokawo. Resistor ya 10k ili phee patebulo panupo imatulutsa pafupifupi ma microvolt 2 (microvolt ndi volt imodzi yogawidwa ka 1 miliyoni) m'mawu amene khutu limamva, ampulifaya yanu ikungowakuza basi. Mutha kuchepetsa poika zida zabwino pa gawo loyamba, koma kuthetseratu ayi ndithu.

Palinso lachiwiri limene Walter Schottky anafotokoza mu 1918 ku Germany. Magetsi sayenda mosalala, amabwera m'timadontho. Inu a ku Mulanje mukuidziwa chiperoni ikamayamba pa malata, umamva ta, ta, tata, dontho lililonse palokha ndipo sungalosere lotsatira ligwa liti, koma mvula yamphamvu ikafika zonse zimasanduka mkokomo umodzi. Ampere imodzi, muyeso wa magetsi oyenda muwaya, ndi ma elekitoloni pafupifupi 6 wotsatiridwa ndi maziro 18 pa sekondi, nde mu ampulifaya yanu mumangomva mkokomowo. Timakina ta mphwanuto timagwira ntchito pa ta, ta uja.

Dzina lake ndi single-electron transistor, ambiri amangoti SET. Dmitri Averin ndi Konstantin Likharev analemba masamu ake ku Moscow mu 1986, ndipo Ted Fulton ndi Gerald Dolan anapanga koyamba ku Bell Labs komweko mu 1987. Pakati pake pamakhala kachidutswa ka chitsulo, nthawi zambiri aluminiyamu, kochepa kwambiri moti amakayeza m'ma nanomita (tengani milimita muigawe ka 1 miliyoni), kotchingidwa uku ndi uku ndi kakhoma kopyapyala ka oxide (chitsulo chosakanikirana ndi mpweya wa oxygen, chimene chimatchinga magetsi). Elekitoloni imodzi ikalowa pamenepo imakankha inzake kuti isalowe mpaka yoyambayo ituluke, ndiye zimadutsa pamzere. Chosangalatsa nchakuti mzere umenewu umachepetsako phokoso la Schottky lija, pena mpaka theka, chifukwa ma elekitoloni sakugwanso mwachisawawa kwenikweni.

Kutentha nako kumasokoneza mzerewo, elekitoloni yotenthedwa imangolumpha osadikira. Nchifukwa chake ma SET ambiri amawaika m'mafiriji apadera ofika pansi pa 1 kelvin, kuzizira koposa -272 digiri. Chisanu cha pa Sapitwa mu July sichiyandikira nkomwe. Kuti kagwire ntchito mchipinda wamba kachidutswa kaja kayenera kuchepa mpaka ma nanomita owerengeka, ndipo kupanga tambirimbiri tofanana ndendende pa msinkhu umenewo nkovuta zedi.

Koma mdani weniweni, kwa ine, si kutentha ayi chifukwa firiji umagula. Vuto ndi zilema zobisika mu oxide ndi pansi pomwe kachipangizoko kakhala. Kachilema kamodzi pafupi kamagwira elekitoloni, pakapita nthawi nkuitaya, kenako nkuigwiranso, ndipo SET imamva zonsezo chifukwa imazindikira kusintha kochepa kwambiri kuposa chaji (magetsi amene elekitoloni imanyamula) ya elekitoloni imodzi. Ukayang'ana pa skirini mzere wa magetsi umangodumpha m'mwamba, pansi, m'mwamba, pansi pakati pa malo awiri, palibe amene wagwira kalikonse, amalitcha random telegraph noise. Tizilema tikachuluka timapanga phokoso lotchedwa 1/f, limene limakula kwambiri ukamayeza pang'onopang'ono. Tsono kusuntha kofanana ndi theka la elekitoloni basi kumakwanira kuti SET yomwe inali yotseka itseguke. Taganizani foni yokhala ndi ma transistor mabiliyoni, iliyonse ikusintha maganizo payokha lero ndi mawa, mungaimbire ndani? Ndicho chifukwa chachikulu chimene simunaipezebe mukatsegula Tecno kapena itel.

Asayansi sanagwe ulesi, anangotembenuza nkhani. Poti kanthuka kamamva chilichonse, akagwiritse ntchito yomvetsera. Mu 1998 Robert Schoelkopf ndi anzake ku Yale anapanga RF-SET, yomwe amaiwerenga ndi mafunde a wailesi mwaliwiro kwambiri moti phokoso la 1/f lija limatsalira m'mbuyo. Lero zida zamtunduwu zimathandiza kuwerenga ma qubit, timagawo tosunga uthenga m'makompyuta amtundu watsopano otchedwa quantum amene akuyesedwa. Ndipo kuyambira pa 20 May 2019 ampere imatanthauziridwa kuchokera pa chaji ya elekitoloni imodzi, nde malo oyezera ngati PTB ku Germany ndi NPL ku UK akupanga timapampu tokankha elekitoloni imodzi imodzi mowerenga, ndipo kumeneko elekitoloni ikadutsa mosayitanidwa kapena ikatsalira amafuna aidziwe.