Kodi makomiki a Batman ndi Spider-Man ndiyambire pa nambala 1?

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa wowerenga wina. Akuti mafilimu a Spider-Man ndi Batman wawaonera mpaka kuwaloweza, ndipo tsopano akufuna kulawa mabuku amene nkhanizi zinachokera, aja a zithunzi timawatcha makomiki. Koma atafufuza pa intaneti mutu unaima: manambala mazanamazana, mitu yosawerengeka. Funso lake ndi lakuti, "Kodi ndiyambire pa nambala 1 kuti nkhani ndiziimva bwino?"

Achimwene, ayi ndithu. Musayerekeze n'komwe.

Superman anaonekera koyamba mu 1938, Batman mu 1939, Spider-Man mu 1962. Chiyambire nthawiyo nkhani zawo zakhala zikutuluka mwezi ndi mwezi, nthawi zina m'mabuku atatu kapena anayi mwezi umodzi. Mukati muwerenge zonse motsatana, imvi zidzakupezani musanafike pakati. Komanso zakalekalezo analembera ana a nthawi imeneyo, moti ngwazi imachita kulengeza kuti ikuponya chibakera pomwe chithunzi chikuonetsa kale. Zili ndi kukoma kwake, koma mudzazibwerera m'tsogolo.

Eni akewo, makampani a Marvel (mwini wa Spider-Man) ndi DC (mwini wa Batman ndi Superman), nawonso nambala 1 saipatsa ulemu. DC inakonzanso mbiri ya ngwazi zake mu 1985 ndi 1986, kenako mu 2011 inatulutsa mabuku 52 onse oyambira pa nambala 1. Marvel imangokankha nthawi mwakachetechete: Peter Parker, yemwe ndi Spider-Man, analumidwa ndi kangaude ali mwana wasukulu mu 1962, koma mpaka lero ukalamba sunamukhudze. Ndiye mukafunsa za nambala 1, wogulitsa akufunsani kuti iti.

Chimene ine ndimachita n'kutsata mlembi ndi wojambula, osati ngwaziyo. Ngwazizi ndi katundu wa kampani, olemba amangopatsirana. Awiri amalitenga buku kwa chaka kapena zaka zingapo, n'kusimba nkhani yawoyawo yokhala ndi poyambira ndi pothera, kenako n'kusiyira ena. Batman wa mlembi uyu ndi wofufuza milandu wosaseka ndi munthu, wa mlembi wina ndi bambo wovutika kulera ana amene anawatenga. Ndipo mlembi aliyense akamayamba amadziwa kuti pali alendo, choncho amakukumbutsani zofunika m'masamba oyambirira. Pamenepo ndiye pakhomo polowera.

Popeza mwatchula awiriwa, yambani ndi Batman: Year One ya 1987, yolembedwa ndi Frank Miller n'kujambulidwa ndi David Mazzucchelli. Ndi makope anayi okha, ndipo theka la nkhaniyo ndi la wapolisi Jim Gordon, amene kwa ine ndi amene amaikometsa. Kwa Spider-Man, pezani Ultimate Spider-Man ya 2000, ya Brian Michael Bendis ndi Mark Bagley, imene inayamba nkhani ya Peter mwatsopano popanda katundu wa zaka za m'mbuyo. Musalimbane ndi kope limodzilimodzi la pamwezi, lili ndi masamba pafupifupi 20 ndipo limatha musanakhazikike pampando. Funani mabuku ophatikiza makope asanu kapena asanu ndi limodzi, amene pachikuto amalemba Volume 1. Ngati mumawerenga pa foni kapena pa kompyuta, pali Marvel Unlimited, pulogalamu yowerengera makomiki yolipira pamwezi, ndipo DC ili ndi yakenso.

Tsopano chimene simunafunse koma ndi chachikulu: kawerengedwe kake. Munthu wozolowera mabuku a mawu okhaokha maso ake amathamangira pa mawu, n'kudumpha zithunzi, kenako n'kumadandaula kuti bukulo ndi lopanda kanthu. Chepetsani liwiro. Tsamba limagawidwa m'timabokosi, ndipo nkhani yambiri ili m'kampata koyera ka pakati pa timabokosito. M'kabokosi koyamba dzanja lakwezedwa, m'kachiwiri munthu ali chagada pansi, chipewa chili uko. Chibakera chenichenicho palibe anachijambula, mwachiponya ndinu m'mutu mwanu. Timabokosi ting'onoting'ono tothithikana timafulumizitsa zochitika, pomwe chithunzi chimodzi chodzaza tsamba lonse chikukuuzani kuti imani kaye, pumani. Ojambula aluso amabisanso chodzidzimutsa kuseri kwa tsamba, kuti mukumane nacho pokhapokha mwatembenuza. N'chifukwa chake kusuzumira kutsogolo kumawononga zambiri m'makomiki kuposa m'buku wamba. Yang'ananinso mitundu: nthawi zambiri ikasintha mwadzidzidzi, ndiye kuti nkhani yabwerera m'mbuyo kapena yasamukira kwina.

Mudzakumana ndi munthu wovala zachilendo amene aliyense m'nkhanimo akumudziwa kupatula inu. Pitirirani, adzadziwika yekha, ndipo akakusowetsani mtendere mufufuzeni mukamaliza mutuwo. Chimodzimodzi timawu tapansi tokuuzani kuti onani buku lakutilakuti: kawirikawiri n'kutsatsa malonda chabe.

Zimene ndingakuletseni pakadali pano ndi nkhani zikuluzikulu zija zosonkhanitsa ngwazi zonse, zimene zimamwazikana m'mabuku ambirimbiri. Amazitsatsa kwambiri, koma zimakoma kwa amene anthuwo akuwadziwa kale, ndipo zimadya ndalama. Ndipo mukawerenga Volume 1 ya mlembi wina n'kuona kuti sikukukokani, isiyeni, yesani mlembi wina pa ngwazi yomweyo. Mukamaliza ya Batman ija mundilembere, mundiuze ngati munakonda kwambiri za Gordon kapena za mwini wakeyo, chifukwa buku lachiwiri loti ndikuuzeni lidalira pamenepo.